Slide ya Tokarev yanga yauma gwa, kodi ndiipale ndi tupa?

Owerenga athu ena atilembera motere:

"Bambo, ndine Mmalawi wokhala ku South Bend, ku Indiana. Mwezi watha ndinagula pisitolo yakale ya asilikali, Zastava M57, kwa wogulitsa wovomerezeka, mapepala onse ali m'malo. Vuto langa ndi slide, chitsulo cha pamwamba chija chotsetsereka kutsogolo ndi m'mbuyo. Kuti ndiikokere m'mbuyo ndimachita kulumira mano, ndipo ndikaibweza pang'onopang'ono imaima panjira, osatsekeka mpaka nditaikankha ndi chala. Tsiku lina inakaniratu kusuntha. Nditaimasula ndinaona kuti mpope wodutsamo chipolopolo nawo umakakamira potuluka. Sindinaomberepo ngakhale kamodzi. Mnzanga wa kuntchito akuti ndingopala pang'ono ndi tupa kapena sandipepa, zitheka. Kodi anandigulitsa chinthu chakutha?"

Achimwene, tupa ndi sandipepa bwezerani kaye m'bokosi. Mwachita bwino kufunsa musanakhudze chitsulo. Akulu amati safunsa anadya phula, ndipo mwina nkhani yanuyi ndi ya phula lenileni, muona pansipa. Pa zaka zimene ndakhala pa benchi yokonzera mfuti, mapisitolo akale obwera ali olimba chonchi ndawagwira ambiri, ndipo ochuluka anachira popanda kuchotsapo chitsulo ngakhale kachidutswa. Choncho mtima ukhale m'malo. Komabe pali zifukwa ziwiri kapena zitatu zoopsa zimene zimaonekera m'njira yomweyi, n'chifukwa chake ndikuti musaombere mpaka mutadziwa chimene chikugwira.

Mfuti yanuyo ndi mwana wa TT-33, pisitolo ya Soviet Union imene anaikonza Fedor Tokarev. A ku Yugoslavia anaitengera n'kumaipanga ku fakitale ya Zastava ku Kragujevac, ndipo 57 ya pa dzinalo ikuloza chaka cha 1957. Anaitalikitsa chogwirira kuti magazini izilowa zipolopolo 9 m'malo mwa 8, koma mkati ndi banja limodzi. Chofunika kwa inu pa mbiriyi n'chakuti mfutizi anazipangira msilikali wa m'matope ndi m'chisanu. Anazisiyira mpata dala. Tokarev yabwinobwino mukaigwedeza imalirako pang'ono. Ndiye ikakhala yothina, ine sindiyamba ndi kuganiza kuti chitsulo chachuluka. Ndimayamba ndi funso lakuti, chalowa pakati n'chiyani, kapena chapindika n'chiyani?

Tione kaye mmene zitsulozi zimakumanirana, kuti tizimvana. Pamsana pa mpope pali mano awiri ngati mphete, amene amalowa m'timipata ta kudenga kwa slide. Kunsi kwa mpope kuli kachitsulo kolendewera kotchedwa link, kamene kamakoledwa ndi pini ya slide stop, kachitsulo koimitsa slide zipolopolo zikatha. Chipolopolo chikaphulika, mpope ndi slide zimabwerera m'mbuyo zitagwirana kwa mamilimita ochepa chabe, kenako link imakokera mpope pansi, mano aja n'kumasuka, slide n'kupitirira yokha. Nzeru imeneyi ndi ya John Browning, yomwe ili mu pisitolo ya M1911 ya ku America. Kutsogolo mpope umadutsa mu bushi, kamphete ka chitsulo ka kukamwa kwa slide, ndipo slide yonse imayenda pa tinjanji ta thunthu la mfuti. Malo ogwira ndi omwewo: tinjanji, mano ndi link, bushi. Kuonjezera apo pali sipuling'i yobweza slide ndi hammer, kanyundo ka kumbuyo komenya kuti chipolopolo chiphulike, zimene ntchito yake n'kulimbana ndi dzanja lanu.

Musanachite chilichonse, chotsani magazini, yang'anani ndi maso m'chamber, kumbuyo kwa mpope kumene chipolopolo chimakhala, pisanimo chala, ndipo zipolopolo zikakhale chipinda china. Ndikudziwa mukudziwa. Ndimanenabe kwa aliyense, ngakhale kwa amene anayamba kugwira mfuti ine ndisanabadwe.

Za tsiku limene slide inakaniratu kusuntha, ndikuganiza ndikudziwa chinachitika. Tokarev yoyambirira inalibe loko wa chala woletsa mfuti kuomba. Chitetezo chake chinali kukokera hammer theka la njira mpaka imveke kuti khethe koyamba. Ikakhala pamenepo, trigger, chokhethemulira chija, imatsekeka, slide nayo imatsekeka. Simungaisunthe ngakhale mutaitana anyamata awiri. Anthu ambiri ogula mfutizi koyamba amagwa m'mbuna imeneyi, ndipo ine ndinagwamo ndili mnyamata. Ndinaitenga ndi nyundo ya labala n'kuimenya kawiri, mkulu amene ankandiphunzitsa asanandilande m'manja. Anangokoka hammer ndi chala chachikulu mpaka kumapeto, slide n'kutsetsereka ngati palibe kanthu. Manyazi a tsiku limenelo sindinawaiwale, komanso ndinalipira chitsulo cha mkati chimene ndinachibenthula. Ndiye yang'anani hammer yanu. Ngati ili pakati, ikokereni mpaka kumapeto. Kumbukiraninso kuti M57 ili ndi loko wa magazini: popanda magazini trigger sigwira ntchito, ndiye pofuna kutsitsa hammer mudzafunika magazini yopanda kanthu.

Pomwepo yesaninso ichi. Kokani hammer mpaka kumapeto, kenako kokani slide. Ngati yapepuka kwambiri, ndiye kuti theka la kulimba kumene mumamva ndi sipuling'i ya hammer, imene pa mfutizi ndi yamphamvu ndithu. Limenelo si vuto, ndi chibadwa chake.

Tsopano phula lija. Asilikali akamasunga mfuti m'nkhokwe amaimiza mu girisi wokhuthala woteteza dzimbiri, amene ku America amamutcha cosmoline. Ali watsopano amakhala ngati Vaseline wofiirira. Akakhala zaka makumi angapo amauma, n'kusanduka ngati phula la njuchi, pena ngati vanishi weniweni. Wogulitsa amangopukuta kunja kuti ioneke bwino pa shelefu. Mkati mwa tinjanji, m'timipata ta mano, kuseri kwa extractor (kambedza kotulutsa chikhokhombe cha chipolopolo), m'bowo la firing pin (kamsomali kobaya chipolopolo kuti chiphulike), girisiyo amakhala ali phee. Ndipo poti amaderapo n'kuwala, diso losazolowera limamuona ngati chitsulo. Tengani kamtengo kotokosera m'mano, mukande m'kamphako ka mano kudenga kwa slide. Mukaona tizinyenyeswa tofiirira tikutuluka ngati mukupala mphika wa nsima, mwampeza mdani wanu. Kakhungu kopyapyala ngati pepala m'malo amenewo n'kokwanira kuletsa mpope kukwera mpaka pamalo pake, ndipo zotsatira zake ndi zimene mwalembazo: slide kuima itatsala pang'ono kutsekeka. Onjezanipo kuzizira kwa ku Indiana. Mfuti imene yagona m'galaja mwezi wa Januwale girisi wake amakhala ngati mwala.

Kumuchotsa kumafuna kutentha ndi mankhwala osungunula. Masulani mfuti monga mwa nthawi zonse, chotsani zogwirira za pulasitiki muziike padera, ndipo tulutsani chibokosi cha hammer, chimene pa Tokarev chimangozuka chonse pamodzi. Girisiyu amasungunuka pa madigiri pafupifupi 50, ndiye chowumitsira tsitsi chimakwana, kapena madzi otentha kwambiri. M'chilimwe ena amangokulunga zitsulo m'pepala lakuda la pulasitiki n'kuziika padzuwa. Musagwiritse moto wa gasi, mungafewetse masipuling'i. Uvuni wa kukhitchini nawo ayi, pokhapokha ngati mukufuna mlandu ndi mayi a kunyumba, chifukwa fungo lake silichoka msanga. Mukatero vikani zitsulozo mu mineral spirits, amene amapezeka m'sitolo za penti, kapena mu palafini. Zigone usiku wonse m'chitini chotseka, pamalo popita mphepo, kutali ndi moto. M'mawa kwechani ndi mswachi wakale ndi timitengo tija. Madzi ake akada, sinthani, bwerezani. Kawiri kapena katatu si zachilendo. Ngati munagwiritsa madzi, umitsani bwinobwino ndipo pakani oyilo nthawi yomweyo, chifukwa chitsulo chosambitsidwa chotere chimachita dzimbiri tsiku lomwelo.

Firing pin musaidumphe. Ikankheni kumbuyo ndi kachitsulo kosongoka pang'ono: iyenera kupita kutsogolo mosavuta n'kubwerera yokha msangamsanga. Ikamayenda mwaulesi, m'bowo mwake mudakali girisi. Firing pin yomatirira kutsogolo ikhoza kuphulitsa chipolopolo slide ikungotsekeka, inu musanakhudze trigger. Ngati simukudziwa kuitulutsa, imeneyo ndi ntchito ya mphindi zochepa kwa wokonza mfuti.

Zonse zikayera, musathamangire kumanga mfuti yonse. Apa ndi pamene ambiri amataya mwayi wodziwa vuto. Yesani chimodzichimodzi. Chibokosi cha hammer chili kunja, lowetsani slide yokha pa thunthu, yopanda mpope, yopanda sipuling'i, mutadontheza oyilo pang'ono pa tinjanji. Pendeketsani mfutiyo. Slide yabwino imatsetsereka yokha kapena ndi kukankha kwa chala chimodzi. Bwezeranimo chibokosi cha hammer, yesaninso. Kenako tengani slide m'manja, lowetsani mpope wokha, muukankhire m'mwamba ndi chala kuti mano alowe, muutsitse, muuyendetse. Kenako bushi yokha pa mpope, kuchokera kukamwa mpaka kumbuyo. Pomaliza mangani zonse koma popanda sipuling'i, n'kuyendetsa slide pang'onopang'ono mutatseka maso. Dzanja limamva zimene diso siliona. Pamene kulimba kwayambira, chitsulo chimene mwangowonjezeracho ndicho chili ndi mlandu.

Mvetserani kusiyana kwa mitundu iwiri ya kulimba. Kwina kumakhala kofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kosalala, ngati kutsegula chitseko cholemera cha mahinji abwino. Kumeneko sikundidetsa nkhawa, ndipo mfuti yothina motero nthawi zambiri imalasa bwino kuposa yogwedera. Kwina ndi kwa pamalo amodzi: slide ikuyenda bwino, kenako gwa, kenako n'kumasukanso. Kumeneko ndiye kofunika kukusaka.

Chida chosakira n'chotchipa. Tengani cholembera cha inki yosafufutika, chakuda kapena chabuluu, mupake tinjanji tonse, mano a mpope, msana wa mpope ndi pamene bushi imadutsa. Mangani, yendetsani slide kakhumi, masulani. Pamene inki yachoka n'kusiya chitsulo chowala, pamenepo ndi pokhulana. Inki ikachoka mofanana mbali zonse ziwiri, zili bwino. Ikachoka mbali imodzi yokha, kapena pakadontho kamodzi, mwapeza malo. Jambulani ndi foni musanapukute.

Zimene mungapeze zina ndi zazing'ono. Pomanga, pini ya slide stop iyenera kudutsa m'bowo la link. Ikaphonya, mfuti imaoneka ngati yamangika koma slide imakakamira moipa. Suzumirani m'bowo musanalowetse pini, muone kuti link yalunjika. Sipuling'i ya M57 imabwera yomangiriridwa pa kandodo kake, ndipo kandodoko kakapindika kapena kakakhala mopotoka, kamakhula mkati. Kagubuduzeni pagalasi muone ngati kakuyenda mowongoka. Chitaninso chimodzimodzi ndi pini ya slide stop. Magazini nayo: ngati slide imalimba pokhapokha magazini ili mkati, milomo ya magaziniyo yatukuka ndipo ikukhula kunsi kwa slide. Mfuti ilibe mlandu, gulani magazini ina, koma ya M57, chifukwa za TT-33 ndi zazifupi.

Pali china chokhudza mfuti zolowa ku America. Malamulo a kumeneko, kuchokera pa Gun Control Act ya 1968, amachititsa kuti ma Tokarev ambiri aikidwe loko wa chala asanagulitsidwe. Ntchito yoboola ndi kuika lokoyo sinkachitika mwaluso nthawi zonse. Ndaonapo ena osiya timinga ta chitsulo m'mphepete mwa bowo, ena ogwedera moti amadzitsekera okha theka. Yang'anani ngati inki yanu yafufutika pafupi ndi loko ameneyu.

Onaninso manambala. Nambala ya pa thunthu, ya pa slide ndi ya pa mpope zikufanana? Mfuti za asilikali zikabwerera kokakonzedwa, nthawi zina ankazimasula zambirimbiri, kuzitsuka, kuzidetsanso, n'kuzimanga ndi zitsulo zosakanikirana. Mukaona nambala yolembedwa ngati ndi dzanja lonjenjemera pamwamba pa ina yofufutidwa, chitsulo chimenecho chinachokera pa mfuti ina. Ogulitsa ena amasinthanso mpope wodyeka n'kuikapo wina. Mpope wobwera ngati umenewu uli ngati mkamwini watsopano pamudzi, sakhazikika tsiku limodzi, ndipo pamafunika wina wodziwa kuti aukhazike. Werenganinso zolembedwa pa mpope ndi pa slide, mutsimikize kuti ndi 7.62x25, mtundu wa chipolopolo cha M57, chifukwa m'banja lomweli muli zina za 9mm. Ngati mfutiyo inapakidwa utoto watsopano kapena khungu lotuwa lokhakhala lija la phosphate, dziwani kuti zimenezi zimaonjezera kunenepa pa tinjanji. Kulimba kotero kumatha kokha ndi oyilo ndi kuyendetsa.

Tsopano zimene zimandichititsa kuuza munthu kuti mfuti aisiye pa benchi. Choyamba ndi mpope wotupa. Chipolopolo chofooka chikaima pakati pa mpope, wina n'kuombera china pambuyo pake, mpopewo umafufuma pamalo amodzi ngati njoka yomeza dzira, kungoti pang'ono kwambiri moti diso silingaone msanga. Inu mwanena kuti mpope umakakamira potuluka, ndiye ichi muchiyese mosamala. Bushi ikamayenda bwino kenako n'kugwira pamalo amodzi, kayikirani. Kankhani kansanza kothina m'kati mwa mpope ndi ndodo yotsukira: kakamayenda molimba kenako n'kupepuka mwadzidzidzi n'kulimbanso, pamenepo patupa. Mukaunika ndi tochi mumaona mphete yakuda m'kati. Mpope wotero sapala, sawongola, amataya n'kugula wina.

Chachiwiri ndi mano ophwanyika. Yendetsani chikhadabo m'mphepete mwa mano a mpope ndi m'timipata ta mu slide. Ngodya zake ziyenera kukhala zakuthwa bwino, zoongoka. Zikakhala zofutukuka ngati mutu wa chizulo chomenyedwa kwa zaka, ndiye kuti mpope ndi slide zakhala zikumenyana posamasukirana pa nthawi yake, ndipo gwero lake limakhala link kapena pini yake. Kuchotsa chofutukukacho osakonza gwero n'kungobisa matenda. Chachitatu ndi mng'alu uliwonse, pa slide, pa bushi kapena pamene link imakoledwa. Dzimbiri la m'chamber nalonso lisakupusitseni. Zipolopolo zakale za asilikali za 7.62x25 zambiri zimasiya mchere umene umakoka chinyezi, ndipo mfuti imene inasungidwa osatsukidwa imakhala ndi chamber yokhakhala. Yesani ndi zipolopolo zoyeserera zopanda wonga, zimene amagulitsa m'sitolo za mfuti. Zenizeni ayi, m'nyumba ayi.

Mnzanu wa kuntchitoyo sakufunirani zoipa. Nzeru yake imagwira pa chitseko chotupa ndi mvula. Pa mfuti, mano amene akuti mupalewo ndi amene amagwira chitseko pamene moto ukuyaka mkati, ndipo 7.62x25 si chipolopolo chamasewera: chimatuluka pa liwiro loposa mamita 400 pa sekondi. Bambo wina anandibweretsera Tokarev imene anaipaka phala lija amakaniko amapalira mavavu a injini, n'kukhala pa TV usiku wonse akukoka slide. Inafewadi. Koma phalalo silisankha, linadya paliponse pamene linafika, mano omwe. Atapita kokaombera, zikhokhombe za zipolopolo zinkatuluka zitatupa kumunsi ngati mimba. Anachita mwayi kuti anaziona n'kusiya. Titaifufuza, chimene chinkagwira poyamba chinali kaminga kamodzi pa njanji ya kumanzere, kochotsa ndi mwala wonolera m'mphindi ziwiri. M'malo mwake anagula mpope, ndipo slide sinabwererenso mwakale. Makina opalira a magetsi aja ndiye musawayandikize n'komwe.

Ndiye malire ndi awa. Kutsuka, kuthira oyilo, kusintha magazini kapena sipuling'i, zimenezo chitani nokha. Mukapeza kutupa, mng'alu, mano ofutukuka, manambala osiyana pa mpope ndi slide, kapena mwatsuka katatu koma slide ikuimabe isanatsekeke, pitani nayo kwa wokonza mfuti. Kumene muliko sasowa, ndipo a pamalo oombera angakulozereni amene amadziwa mfuti zakale za asilikali. Mutengereni zithunzi za inki zija, zimufupikitsira ntchito. Mupempheni ayeze ndi zoyezera zake headspace, mpata wa chipolopolo m'chamber slide itatsekeka, aone mmene mano akulowererana, ayesenso loko ndi hammer. Kunena zoona, mfuti iliyonse ya zaka zoposa 50 imene simukudziwa kumene yadutsa ndi bwino ionedwe ndi katswiri musanaiombere koyamba, ngakhale ikuyenda bwino. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi diso kapena chala. Ndipo ngati wapeza kuti mpope ndi wotupa, bwererani kwa wogulitsa ndi kalata ya wokonzayo musanasinthe chilichonse, chifukwa mfuti yopalidwa palibe amene amailandiranso.

Tinene kuti mwatsuka, slide ikutsekeka yokha mukaisiya kuchokera kumbuyo, kwangotsala kulimba kosalala kuja. Dziwani kuti kuiperekeza pang'onopang'ono ndi dzanja si muyeso wabwino. Mfutizi anazipanga kuti slide izimenyeka ndi mphamvu yonse ya sipuling'i. Pakani oyilo pa tinjanji, pamsana pa mpope, pa bushi ndi pa link. M'nyengo yozizira oyilo wopepuka amaposa girisi. Kokaombera valani magalasi ndi zotseka m'makutu, ndipo yambani ndi zipolopolo zatsopano za m'fakitale, kuti vuto likaoneka mudziwe kuti si la zipolopolo. Ikani chimodzi chokha m'magazini, ombani, tolani chikhokhombe muchione. Kenako ziwiri, kenako zitatu. Nthawi iliyonse onani kuti kumbuyo kwa slide kwafanana ndi thunthu musanakhethemule. Ikatsala ngakhale pang'ono, musaimenye ndi chikhatho kuti ilowe. Tulutsani chipolopolo muone chifukwa. Kulira kukamveka kofooka kusiyana ndi kwina, imani pomwepo, masulani, suzumirani mu mpope. Mabokosi awiri kapena atatu akatha, kulimba kwa utoto ndi kwa zitsulo zosazolowerana kumakhala kutachepa kwambiri.

Tsiku limene mudzayambe kugwiritsa zipolopolo zakale zotchipa zija, tsukani mpope, chamber ndi nkhope ya slide ndi madzi otentha madzulo omwewo, chifukwa oyilo yekha sasungunula mchere. Umitsani, pakani oyilo, ndipo muionenso pakatha masiku awiri. Ngati m'nyumba muli ana, ikhale m'bokosi lokhoma, zipolopolo kwina.

Mukatsuka n'kuyesa chimodzichimodzi monga ndafotokozera, mundilemberenso. Mundiuze ngati hammer inali pakati tsiku lija, ngati manambala atatu aja akufanana, ndiponso malo enieni amene inki yafufutika.